Atsogoleri akambirane, koma "inde" womaliza akhale wa mamembala

Mu July 2015, oyendetsa ndege a kampani ya Delta Air Lines ku America anachita chinthu chimene ambiri kwathu kuno angachitche mwano. Atsogoleri a bungwe lawo, la Air Line Pilots Association, anali atakhala pansi ndi mabwana a kampani n'kubwera ndi mgwirizano wokweza malipiro ndi 8 peresenti nthawi yomweyo, 6 peresenti mu January wotsatira, kenako 3 peresenti pa chaka kwa zaka ziwiri. Atsogoleriwo anauvomereza, ndipo anauza anthu awo kuti ndi wabwino. Koma mgwirizanowo sukanayamba kugwira ntchito mamembala asanauponyere voti. Pafupifupi onse anaponya, ndipo anthu 65 mwa 100 alionse anati ayi. Pasanapite nthawi, wapampando wa bungwelo ku Delta anatula pansi udindo.

Ine ndikuti anthuwo anachita bwino. Ndipo mphamvu imene inawalola kutero ndi imene ikusowa m'mabungwe athu ambiri kuno ku Kasungu, kaya ndi mayuniyoni a apantchito, makalabu a fodya kapena makopaletivi a soya ndi mtedza. Ambiri a ife sitinakwerepo ndege, ndipo malipiro a woyendetsa ndege wa ku America a mwezi umodzi mlimi wa ku Chamama sangawapeze ngakhale fodya atachita bwino chotani. Komabe funso limene anakumana nalo ndi lomwe timakumana nalo chaka ndi chaka: munthu tikamutuma kukatilankhulira, kodi tamupatsanso mphamvu yotivomerera? Yankho langa ndi lakuti ayi. Wotumidwa abwerere kwa amene anamutuma, pepala lonse lili m'manja, asanaikepo siginecha.

Tiyambe ndi chimene chinawakanitsa, chifukwa munthu wongomva za 8 peresenti ndi 6 peresenti angaganize kuti linali dyera. Iwo anawerenga mpaka masamba am'kati. Anapeza kuti gawo la phindu la kampani limene ankalandira chaka chilichonse likanachepa. Anapeza kuti malamulo a tchuthi cha matenda akhwimitsidwa, moti munthu akadwala azifunsidwa umboni pafupipafupi kusiyana ndi kale, pamene ntchito yawo ndi yoti wodwala sayenera n'komwe kukhala pachiwongolero. Anaonanso kuti ndime zoteteza maulendo akutali, kuti asamaperekedwe kwa makampani akunja ogwirizana ndi Delta, zafooka. Pamwamba pa zonsezi panali chilonda chakale. Mu 2004, kampaniyo ili pamavuto, oyendetsa ndegewa anavomera kudulidwa malipiro ndi 32.5 peresenti. Mu 2005 Delta inakadziperekabe kukhoti kuti yalephera kubweza ngongole, malipiro anadulidwanso ndi 14 peresenti, ndipo mu 2006 thumba lawo la penshoni linathetsedwa. Pofika 2015 kampaniyo inali ikupanga phindu la madola mabiliyoni. Anthu amene anasenza kampani pa nthawi ya njala ankafuna kuona ngati akumbukiridwa pa nthawi ya zokolola, ndipo pepala lija linkawapatsa ndi dzanja limodzi uku likuwalanda ndi linzake.

Zimene zinatsatira n'zodziwika. Atsogoleri atsopano anabwerera kukakambirana, ndipo mu December 2016 mamembala 82 mwa 100 alionse anavomereza mgwirizano wina wokweza malipiro ndi pafupifupi 30 peresenti pa zaka zinayi, gawo la phindu lija osakhudzidwa. Ku United Airlines zinachitikanso. Mu June 2022 atsogoleri anabweretsa mgwirizano wokweza malipiro ndi 14.5 peresenti pa miyezi 18. Mu November chaka chomwecho, 94 mwa 100 alionse amene anaponya voti anaukana. Taganizani chiwerengero chimenecho: atsogoleri ndi anthu awo anali atasiyana njira kutali chotere, koma chikhala kuti panalibe voti, palibe akanadziwa, ndipo pepala likanasayinidwa. Mu September 2023 anthu omwewo anavomereza mgwirizano wokweza malipiro mpaka pafupifupi 40 peresenti pa zaka zinayi.

Kwathu kuno mtsogoleri akabwera ndi mgwirizano wosakoma, mawu oyamba amene amamveka pamsika ndi akuti "adyetsedwa chibanzi". Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma sindikhulupirira kuti ndiye gwero lalikulu. Munthu wachilungamo amathanso kubwera ndi mgwirizano woipa. Wakhala m'chipinda chimodzi ndi mabwana kwa miyezi, wamva madandaulo awo tsiku ndi tsiku, waonetsedwa mabuku a ndalama amene iwo asankha kumuonetsa, watopa, ndipo akufunitsitsa kubwerera kwa anthu ake ndi kanthu m'manja. Iye amayeza mgwirizano poyerekeza ndi pamene mabwana anayambira, n'kuona kuti wawakoka mtunda wautali. Membala amauyeza poyerekeza ndi mtengo wa thumba la chimanga, lendi ndi fizi ya mwana. Onse awiri akunena zoona, koma amene adzakhale ndi mgwirizanowo m'nyumba mwake kwa zaka zitatu kapena zinayi ndi membalayo. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pali chinanso chimene atsogoleri athu sachiona. Voti ya mamembala imamupatsa mphamvu mtsogoleri amene ali pa tebulo. Ngati bwana akudziwa kuti anthu asanu amene akhala patsogolo pake ndiwo omaliza, ntchito yake ndi yofewetsa anthu asanuwo basi, kaya ndi mawu okoma, kaya ndi kuwatopetsa, kaya ndi kuwaopseza. Koma ngati akudziwa kuti pepalalo likukawerengedwa ndi anthu zikwi amene sangawaitanire ku hotela, amakakamizika kulemba zimene zikwizo zingavomere. Mtsogoleri amatha kunena moona mtima kuti, "Bwana, ine ndingamve, koma anthu anga ichi sakachilola." Mtsogoleri wopanda voti kumbuyo kwake alibe mawu amenewa. Zili ngati nkhoswe pa ukwati. Nkhoswe imayenda, imalankhula, imanyengerera, ndipo timailemekeza kwambiri, koma siingavomere ukwati m'malo mwa mwana amene akukakhala m'nyumbamo. Ikatero banjalo silikhalitsa, ndipo milandu yake imadzagwera nkhoswe yomweyo.

Tsopano tibwere kwathu. Kuyambira 2012, fodya wambiri m'dziko muno amalimidwa pa kontirakiti ndi makampani ogula, ndipo wa pa okushoni wamba anatsala wochepa. Alimi ang'onoang'ono ambiri a ku Santhe, Chulu, Wimbe, Mtunthama ndi Nkhamenya amalowa m'makontirakitiwa kudzera m'makalabu. Aliyense amene anakhalapo m'kalabu akudziwa mmene zimayendera kawirikawiri. Alangizi a kampani amabwera nyengo ya nazale itayandikira, mitima ili kale m'mwamba chifukwa cha feteleza. A tcheyamani ndi a sekilitale amaitanidwa, amafotokozeredwa, ndipo kwa enawo uthenga umafika mwachidule: zatheka, feteleza abwera, bweretsani ziphaso mudzadinde chala. Pepala lenilenilo nthawi zambiri limakhala la Chingerezi, la zilembo zing'onozing'ono, ndipo ndi ochepa amene amapita nalo kunyumba. Mlimi amadziwa matumba a feteleza amene alandire, koma mtengo umene awerengeredwe pa thumba lililonse, chiwongoladzanja chake, ndalama za mayendedwe a mabelo, za ziguduli, za mbande za mitengo, ndiponso chimene chingachitike mnzake wa m'kalabu akagulitsa fodya kwa mavenda n'kuthawa ngongole, zonsezi amadzazidziwa fodya atagulitsidwa kale ku msika wa Chinkhoma, akuyang'ana kapepala ka malonda kamene pansi pake patsala ndalama yosakwana n'kulipira aganyu.

Ndaonapo amuna akuluakulu akulira ndi kapepala kameneka m'manja. Anasoka fodya usiku, anagona m'chigafa kuopa akuba, anasankha magiredi mpaka maso kuwawa, ndipo pamapeto pake auzidwa kuti zonse zimene zadulidwazo zinalembedwa mu mgwirizano umene iwo anavomereza. Mwalamulo anavomerezadi, popeza chala chawo chilipo. Koma sanapatsidwe mpata woti akane, ndipo kuvomera kwa munthu amene sakanatha kukana n'kopanda pake. Sindikunena kuti ulimi wa kontirakiti ndi woipa wonse. Wathandiza anthu ambiri kupeza zipangizo zimene sakanazikwanitsa, ndipo fodya wa kontirakiti sabwezedwabwezedwa pamsika ngati wa okushoni. Chimene ndikukana ndi njira imene "inde" wa anthu khumi kapena makumi awiri amatengedwera m'kamwa mwa anthu awiri.

Kwa apantchito a boma nkhani ndi yomweyo, kungoti imavala jekete. Mu February 2013 ogwira ntchito m'boma ananyanyala kwa milungu iwiri, mpaka mabwalo a ndege a Kamuzu ndi Chileka anatsekedwa, ndipo sitirakayo inatha boma litavomera kukweza malipiro a olandira zochepa ndi 61 peresenti. Mu 2021 aphunzitsi ananyanyala pofuna alawansi ya chiopsezo cha Covid-19. Pa nthawi ngati zimenezi mphunzitsi wa kusukulu ya kumudzi amaika ntchito yake pachiswe. Amanyozedwa ndi makolo, amaopsezedwa kuti adulidwa malipiro, amapirira. Kenako tsiku lina madzulo amamva pa wailesi kuti mbali ziwiri zamvana, onse abwerere ku ntchito Lolemba. Zimene zamvanidwazo amadzazimva pang'onopang'ono, mwina pa WhatsApp, mwina osazimva n'komwe. Mufunseni mphunzitsi kapena namwino aliyense amene mumamudziwa kuti ndi liti pamene anapatsidwa pepala la mgwirizano kuti awerenge, n'kufunsidwa ngati akuuvomera. Amene anayitanidwa kuti anyanyale ayeneranso kufunsidwa ngati zimene zapezekazo zakwana kuti asiye.

Ndipo m'dziko limene ndalama yake imagwa ngati yathu, ndime zam'kati zimaposa chiwerengero cha pamwamba. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu amene anasangalala ndi kukwezedwa malipiro kumayambiriro kwa 2023 anafika Khirisimasi ali wosauka kuposa kale. Oyendetsa ndege a Delta, mu mgwirizano wawo wa March 2023 umene unakweza malipiro ndi 34 peresenti pa zaka zinayi, anaikamo ndime yoti anzawo a ku United kapena American Airlines akadzapeza zoposa, malipiro awonso akwere kuti asatsalire. Anaganizira za mawa. Mamembala athu akanamapatsidwa pepala, sindikukayika kuti wina mwa iwo, mwina mayi amene amagula sopo ndi mafuta ophikira tsiku ndi tsiku, akanaimirira n'kufunsa kuti, "Nanga kwacha ikagwanso, mwalembapo chiyani?"

Pali zifukwa zotsutsa maganizo angawa, ndipo zina n'zolemera. Choyamba n'chakuti kukana sikubala zabwino nthawi zonse. Mu July 2023, oyendetsa ndege zonyamula katundu a FedEx anakana mgwirizano umene ukanakweza malipiro awo ndi pafupifupi 30 peresenti n'kuwonjezeranso penshoni. Okana anali 57 mwa 100 alionse, ndipo nkhawa ya ambiri inali yakuti ntchito yawo ingamaperekedwe kwa makampani ena. Koma nyengo inali itayamba kusintha. Katundu wotumizidwa pa ndege anachepa poyerekeza ndi nthawi ya mliri, mu 2024 FedEx inataya kontirakiti yaikulu yonyamula makalata a positi ya America, ndipo chaka chimenecho chinatha oyendetsa ndegewo akulandirabe malipiro akale pamene anzawo a m'makampani ena anali atakwezedwa. Munthu wa ku Kasungu angakumbutse mwambi wathu womwe, kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Sindikuchepetsa zimenezi. Amene amati "kanani basi, abwera nazo zambiri" amanamiza anthu. Koma taonani kuti ngakhale pamenepa, amene analipira mtengo wa chisankhocho ndi omwe anachipanga. Anayeza phindu la lero ndi chitetezo cha ntchito yawo ya mawa, anasankha, ndipo zowawa zake anazisenza akudziwa chifukwa chake. Izi n'zosiyana kwambiri ndi kusenza zowawa za chisankho cha munthu wina. Mtsogoleri naye amalakwitsa, monga tinaonera ku United, ndipo akalakwitsa yekha palibe womubweza. Ufulu wosankha umabwera ndi mpata wolakwitsa, ndipo sitinganene kuti popeza anthu angalakwitse, tiwalande ufuluwo. Sitinena zotere pa chisankho cha aphungu, nanga tinenerenji pa malipiro a munthu ndi thukuta lake?

Chotsutsa chachiwiri n'chakuti woyendetsa ndege ndi munthu wosowa, pamene mlimi kapena kalaliki ali ndi anthu zana kumbuyo kwake ofuna malo ake. Izi n'zoona. Mu February 2009 ndege ya Colgan Air inagwa pafupi ndi mzinda wa Buffalo ku America, n'kupha anthu 50. Kafukufuku anaonetsa poyera umoyo wa oyendetsa ndege a m'makampani ang'onoang'ono: wothandizira woyendetsa ndegeyo ankalandira ndalama zochepa kwambiri, ndipo anali atayenda usiku kuchokera ku mzinda wakutali wa Seattle kuti akayambe ntchito. Pambuyo pake America inakhwimitsa malamulo, moti kuyambira 2013 munthu amafunika maola 1,500 ali m'mwamba asanalembedwe ntchito yoyendetsa ndege za anthu, kupatula ochepa amene anaphunzira m'njira zapadera. Lamulo limawapumitsanso akafika zaka 65, ndipo ambiri anapuma msanga nthawi ya Covid-19. Ndiye anthu atayambiranso kuyenda, makampani anasowa oyendetsa, ndipo "ayi" wa ku United anali ndi mano chifukwa cha zimenezo.

Mlimi mmodzi wa ku Chatoloma alibe mano otere. Koma kufooka kwa munthu payekha ndiye chifukwa chenicheni chimene timapangira mabungwe. Kampani ikhoza kusiya mlimi mmodzi osamva kanthu, koma singasiye makalabu onse a dera limodzi, chifukwa nayo ili ndi makilogalamu amene inalonjeza ogula akunja. Ndipo pamene anthu ali ofooka m'pamene kuwerenga pepala kumafunika kwambiri, popeza woyendetsa ndege akapusitsidwa amataya gawo la phindu, pamene mlimi akapusitsidwa amagulitsa mbuzi ndi njinga, mwana n'kusiya sukulu.

Apa ndifotokoze chinthu chimene ambiri amasokoneza. Kukana mgwirizano si kunyanyala ntchito. Ku America, makampani a ndege ali pansi pa lamulo la Railway Labor Act la 1926, limene linayamba kukhudza za ndege mu 1936. Pansi pa lamuloli mgwirizano wakale umapitirira kugwira ntchito mpaka watsopano utapezeka, ndipo apantchito sangangonyanyala: pamafunika kuti bungwe la boma loyanjanitsa, la National Mediation Board, livomereze kuti zokambirana zakanika, kenako padutse masiku 30. Choncho tsiku limene a Delta anati ayi, ndege zonse zinauluka monga mwa nthawi zonse. Chimene anachita ndi kubweza atumiki awo ku tebulo. Kwathu kuno kusiyanitsa kumeneku n'kofunika kwambiri, makamaka chisinthireni lamulo la Labour Relations Act mu 2021, limene tsopano limalola olemba ntchito kudula malipiro a wonyanyala akapyola masiku atatu pa chaka. Sitiraka yakhala yodula kwa munthu wosauka. Voti yokana mgwirizano siidula tambala ya aliyense, ana kusukulu amaphunzirabe, odwala amathandizidwabe, koma uthenga umafika kwa bwana momveka bwino. Boma ndi olemba ntchito amene amadandaula ndi masitiraka anayenera kukhala oyamba kuikonda njira imeneyi, chifukwa mgwirizano umene anthu auvomera okha sauukira pakatha miyezi itatu.

Chachitatu chimene ndimamva n'chakuti anthu wamba sadziwa za chuma cha kampani, ndiye azingofuna zosatheka mpaka kampani igwe. Amakumbutsa kuti makampani a ndege ndi osalimba, ndipo sakunama. Air Malawi yathu inathetsedwa mu 2013 itamira m'ngongole, ndipo m'malo mwake munabwera kampani imene boma lili ndi magawo 51 pa 100, Ethiopian Airlines 49. Mu November 2022 oyendetsa ndege a Kenya Airways ananyanyala masiku anayi kampani ili kale m'mavuto a ndalama, mpaka khoti linawalamula kubwerera ku ntchito. Koma kumbukirani kuti oyendetsa ndege a Delta amene anakana kukwezedwa kosakwanira mu 2015 ndi gulu lomwelo limene linavomera pa voti kudulidwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro awo mu 2004. Ataonetsedwa kuti nyumba ikupsa, anathira nawo madzi. Anthu akauzidwa zoona amatha kuvomera zowawa. Chimene savomera ndi kuuzidwa kuti ndalama palibe uku akuona magalimoto atsopano a mabwana akulowa pageti. Ngati olemba ntchito akuopa kuti mamembala akana chifukwa chosadziwa, mankhwala ake ndi kutsegula mabuku, osati kutseka pakamwa pa mamembala.

Za kusaphunzira ndiye sindizimva n'komwe. Mayi amene sanafike Sitandade 8 amasunga m'mutu ngongole za anthu makumi awiri a banki m'khonde, amadziwa amene wabweza ndi amene watsala ndi chiwongoladzanja. Mlimi amadziwa kusiyana kwa giredi ndi giredi pongogwira tsamba. Anthu otere sangalephere kumvetsa mgwirizano ukawerengedwa m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, ndime ndi ndime, pansi pa mtengo, wina akufunsa wina akuyankha. Chimene chimawalepheretsa ndi Chingerezi cha maloya ndi changu cha amene abwera ndi pepalalo.

Chopinga chachikulu, mmene ndikuonera ine, chili m'kati mwathu. Tinaleredwa kuti wamkulu akalankhula, mwana amati zikomo. Kutsutsa a tcheyamani pagulu, pamaso pa a mfumu ndi alendo ochokera ku kampani, kumaoneka ngati kuwachotsa ulemu, ndipo munthu amaopa kuti chaka chamawa dzina lake silidzaoneka pa mndandanda wa olandira feteleza. Amayi ndi achinyamata ndiye amangokhala chete kumbuyo. Wapampando akafunsa kuti "Tonse tagwirizana?", gulu limayankha "Eee", kenako anthu amakadandaulira m'njira pobwerera kunyumba. Ulemu ndi chuma chathu ndipo sindikufuna kuti utayike. Koma ulemu umene umathera m'miseche ndi kutukwana mtsogoleri kumbali ndi wachabe poyerekeza ndi kumuuza poyera, mwaulemu, kuti "Bambo, mwayesetsa, koma bwereraninso." N'chifukwa chake voti yake iyenera kukhala yachinsinsi. Kapepala kopinda kamateteza wosauka kwa wolemera, mkamwini kwa apongozi ake, ndiponso kamateteza a tcheyamani eniake, popeza palibe amene wawanyoza pamaso.

Atsogoleri nawonso tiwachitire chilungamo. Mgwirizano wawo ukakanidwa, tisawasandutse adani kapena akuba popanda umboni. Wa ku Delta anatula udindo, ndipo nthawi zina kutero n'koyenera ngati anthu ataya chikhulupiriro. Koma nthawi zambiri chofunika n'chakuti mtsogoleri amve chimene chakanidwa, ndime iti, chifukwa chiyani, n'kubwerera nacho. Tikamathamangitsa aliyense amene wabwera ndi pepala losakwanira, anthu abwino adzaopa udindo, ndipo otsalawo adzaphunzira kubisa mapepala.

Zimene ndikupempha sizifuna kuti Nyumba ya Malamulo ikumane. Malamulo a yuniyoni, a kalabu ndi a kopaletivi amalembedwa ndi mamembala, ndipo amasinthidwa pa msonkhano waukulu. Pa msonkhano wotsatira, wina aimirire n'kupempha kuti mulowe ndime yonena kuti mgwirizano uliwonse wokhudza malipiro, mitengo, ngongole kapena kuthetsa sitiraka ndi wongoyembekezera kufikira mamembala atauvomera. Pepala lonse liperekedwe m'chilankhulo chimene anthu amamva, osati chidule chake chokha, ndipo anthu akhale nalo masiku okwanira, kaya sabata kaya awiri, kuti akafunse mwana wawo wa ku sekondale kapena mlangizi wa boma. Amene akuutsutsa apatsidwe nthawi yolankhula yofanana ndi ya amene akuuvomereza. Mavoti awerengedwe pamaso pa onse. Kwa aphunzitsi, amene ali kale m'mazoni ndipo amakumana ku TDC (malo a maphunziro a aphunzitsi a m'zoni), bokosi limodzi pa zoni iliyonse ndi lokwanira, ndipo zotsatira zikhoza kufika ku Lilongwe pa foni tsiku lomwelo. Kwa makalabu a fodya, chofunika ndi nthawi: zokambirana ziyambe msika ukangotsekedwa, anthu akadali ndi mapepala a malonda m'manja ndipo akukumbukira zimene anadulidwa, osati mu September pamene nazale ikudikira ndipo aliyense angadinde chilichonse kuti feteleza abwere.

Pali gulu limodzi limene zonsezi sizilifikira, ndipo ndi limene lili pamtima panga kwambiri. M'maesiteti a Kasungu ndi Mchinji mwakhala mabanja ochokera ku Mulanje, Phalombe, Machinga, Dedza ndi kwina, olima fodya ngati matenanti. Mgwirizano wawo unkakhala wapakamwa, chimanga ndi mchere amene ankalandira pa mwezi ankalembedwa ngati ngongole, ndipo mtengo wa fodya wawo ankautchula ndi mwini esiteti pamapeto pa nyengo. Mu 2021 lamulo la Employment Act linasinthidwa n'kuthetsa utenanti, koma aliyense woyenda m'midzi yathu akudziwa kuti kulemba lamulo n'kwina, kusintha zochitika kumunda n'kwinanso. Anthu amenewa alibe wowakambiranira woti amubweze ku tebulo. Ambiri mwa alimi a m'makalabu amene ndawalankhulira pamwambapa ndi omwenso amalemba mabanja otere ntchito. Mlimi amene akufuna kuti kampani imuonetse pepala lonse asanadinde chala, nayenso akhale pansi ndi antchito ake mvula isanagwe, alembe malipiro awo pa pepala m'Chichewa pamaso pa mboni, ndipo aliyense atenge lake.